Nsimbi ya Abson

M'mudzi wina kufupi ndi Mfuwe munali nyumba imene akazi ankanyozera nayo amuna awo. Bambo akangoponya malaya akuda pampando, mayi ankati, "Mupite kwa Abson mukaone amuna anzanu." Nyumbayo inali yaudzu ngati zinzake, koma pachingwe chake sipankasowa zovala, ndipo pakhonde nsimbi ya makala inkafuka utsi kuyambira m'mawa. Abson Njobvu ankagwira ntchito yochapa ndi kusita paloji ina ya alendo ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, cha ku Chinzombo, ndipo akaweruka ntchitoyo ankaipitiriza kunyumba. Mkazi wake Dora ankapita kutchalitchi atavala chitenje chosalala ngati pepala, mutu uli m'mwamba. Tisamunamizire, sanali wonyada chibadwire. Koma kutamidwa kumakoma, ndipo amene wakulawa safuna kukulavula.

Kusita m'chigwa muno si kudzikongoletsa ayi. Kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pachovala chonyowa, ndipo munthu akachivala chosasita, kamphutsi kamaboola khungu n'kumakulira momwemo ngati chithupsa. Mankhwala ake aliyense amawadziwa: nsimbi yotentha idutse kamodzi, basi. Abson naye ankachita chomwecho mpaka dzinja la 1995, pamene loji inatseka chifukwa cha mvula, iye n'kupita ku Msoro kukathandiza mkulu wake m'munda wa thonje. Atabwerako anapeza mwana wawo Yande, amene anali adakali woyamwa, msana uli zithupsa zokhazokha. Anazifinya yekha, mphutsi zoyera zikutuluka imodziimodzi, mwana akulira mpaka mawu kusasa. Tsiku limenelo Abson sanadye. Zilonda za mwanayo zinapola mwezi usanathe, koma bambo wake sanabwerere mwakale.

Anayamba kusita malaya kunja ndi m'kati. Kenaka anawonjezera misoko, matumba ndi kunsi kwa mabatani. Posakhalitsa, ntchentche ikangotera pachovala chositidwa kale, ankachibwezera m'beseni, achape, ayanike, aime pafupi ndi chingwe akuingitsa ndi kanthambi, kenaka asitenso. Ndipo ntchentche za ku Mfuwe nthawi ya mango, amene anafikako akudziwa, sizipempha chilolezo kwa munthu. Akamaliza ankaitana mkazi wake mwa kaitanidwe ka Chikunda.

"Anyina Yande, apa ndapitapo?"

"Mwapitapo, awisi Yande."

"Mwaona ndi maso anu?"

"Ndaona."

Ankausa moyo n'kupinda chovalacho, koma asanachiike m'sutikesi ankafunsanso funso lomwelo.

Zimenezi anthu odutsa pamsewu sankaziona. Sankaona kuti Dora ankabwerera kumjigo kangapo anzake atapumula kale, kapena kuti thumba la makala linkatha ngati mumudzimo muli maliro. Sankaonanso manja a Abson, amene sopo anawang'amba m'zala ndipo nsimbi inawawotcha pamwamba pa zipsera zakale.

Amene anawaona manjawo anali namwino wa pakiliniki ya m'deralo, Inonge Mubita, mayi wa ku Mongu amene boma linamutumiza kuchigwa. Ameneyu naye ukhondo ankaudziwa. Ankabweza munthu pakhomo kuti akapukute matope kumapazi, ndipo azibambo ena ankamuopa kuposa jakisoni. Abson atapita kuti akamumange bala lamoto, Inonge anamufunsa mafunso mofatsa, Abson n'kuyankha maso ali pansi. Mawa lake madzulo namwinoyo anakumana ndi Dora panjira ya kumjigo.

"Mwaswera bwanji, amake Yande?"

"Taswera, a Sisita, kaya inu."

"Tulani kaye ndowayo, ndikufunseni. Ine mumandidziwa, anthu amati ndimavuta ndi ukhondo. Koma ndikakolopa kiliniki, ndimatseka chitseko, ndipita kukamwa tiyi, nkhani yatha. Manje amuna anu akamaliza kusita, amakhala pansi?"

Dora anatula ndowa pansi, Inonge n'kufunsanso.

"Nanga tsiku limene makala atha, amangodandaula chabe, kapena amachita mantha?"

Dora anakumbukira tsiku lina lamvula pamene moto unakana kuyaka. Abson anazungulira nyumba thukuta lili kamukamu, mpaka anakapempha makala amoto kwa anansi akunyowa ndi mvula. Koma zimenezi Dora sanazitulutse pakamwa.

"Munthu waukhondo ntchito yake imatha, ndipo ikatha amakondwa," anapitiriza Inonge. "Awa ntchito yawo siikutha, ndipo sakukondwa nayo. Andiuza okha kuti akudziwa kuti kusita kamodzi n'kokwana, koma m'mutu mumabwera chithunzi cha mwana ali mphutsi thupi lonse, ndiye sangasiye. Amenewo ndi matenda, amake Yande. Ali ndi dzina lake m'mabuku athu. Maganizo oopsa amamukakamiza munthu kubwereza chinthu chimodzi kuti mtima ukhale pansi, koma sukhala. Kuchipatala chachikulu ku Chipata kuli munthu amene anaphunzira zimenezi."

"Mukufuna mudzi wonse uzinena kuti mwamuna wanga ndi wa ku Chainama?" Dora anatchula chipatala cha odwala misala cha ku Lusaka ngati akutchula manda.

"Sindinanene za misala ine."

"Amuna a anzanga amagona kukachasu, ena amamenya akazi awo mpaka kutupa maso. Palibe amene mumamutumiza ku Chipata. Wanga mwamupezera mlandu woti amasita?"

"Mlandu palibe. Koma mukamawatungira madzi owonjezera ndi kuwayankha funso lomwelomwelo, mukuwadyetsa matendawo. Akhuta, akula."

"Zikomo, a Sisita. Nyumba yanga ndimaidziwa ndine."

Anasenza ndowa yake n'kumapita. Kunena zoona mawu ake a kachasu aja anali ndi nzeru, ndipo nzeru imeneyo ndi imene inamutseka makutu.

Atafika kunyumba anapeza Abson ali pakhonde, nsimbi ili m'manja, diresi la Yande lili pathebulo.

"A Sisita akuti ku Chipata kuli thandizo," anatero Abson mwamanyazi. "Mwina tipite, anyina Yande. Ndatopa ine."

"Simukudwala inu. Wodwala amagona pamphasa. Anthu akukuchitirani nsanje basi."

Abson anauzira makala n'kupitiriza kusita. Mwamuna anali atagogoda yekha pachitseko cha thandizo, ndipo amene anamubweza anali munthu womukonda kuposa onse. Kuyambira pamenepo Dora ankalambalala kiliniki, akamuona Inonge patali n'kukhotera njira ina.

Chilimwe cha chaka chotsatira zinthu zinafika povuta kuntchito. Alendo a paloji amakhala masiku owerengeka, ndipo amafuna zovala zawo ndege isananyamuke. Abson ankatha m'mawa wonse pamalaya awiri. Tsiku lina anabwereza kolala ya mlendo mpaka inapserera, ndipo woyang'anira ntchito, amene anamupirira nthawi yaitali, anamuuza kuti akayambe wapuma kunyumba. Dora anauza amayi a kumjigo kuti mwamuna wake wapatsidwa tchuthi chifukwa chogwira bwino ntchito, iwo n'kuwomba m'manja.

Tchuthicho chinapatsa matenda tsiku lonse lathunthu. Abson anasiya kupita kutchalitchi chifukwa belu linkalira iye asanamalize buluku lake. Anasiya kukhala pansi pa mtengo ndi amuna anzake. Chopweteka kwambiri, anasiya kunyamula mwana wake. Yande akamuthamangira manja ali m'mwamba, iye ankabwerera m'mbuyo, poopa kuti mwina pamalaya ake pali dzira limene nsimbi inaliphonya. Mwanayo anazolowera, nasiya kumuthamangira. Dora ankaziona zonsezi ndipo mtima unkamuwawa, koma Lamulungu likafika ankavala chitenje chake chosalala n'kukamva anthu akumutama.

Mwezi wa Malichi 1997, mvula ili pakati ndipo udzudzu uli ponseponse, Yande anadzuka thupi likutentha. Mjigo unali utawonongeka sabata imeneyo, ndipo madzi ankakatunga kutali, kumtsinje wa Lupande. M'nyumbamo madzi akumwa ndi ophikira analimo okwanira. Amene anatha anali ochapira, ndipo Abson anali atayamba kale kuyendayenda akuyang'ana beseni louma. Dora anamwetsa mwana panado, natenga ndowa ndi kansalu kake kopindira nkhata.

"Akapitiriza kutentha musadikire ine," anatero. "Mumubereke, mukwere njinga, mupite naye kukiliniki."

"Ndamva."

Anabwerako dzuwa lili pamutu. Ali patali anaona njinga itatsamira pakhoma, mtima n'kukhala pansi poganiza kuti mwana wapeza bwino. Kenaka anaona utsi pakhonde.

Yande anali gone pamphasa wopanda chovala, thupi litauma gwa, maso atatembenuka, timiyendo tikugwedezeka tokha. Pambali pake panali mulu wa zitenje. Abson anali atagwada, akuuzira makala a m'nsimbi, misozi ikugwera paphulusa.

"Awisi Yande! Mwana wayamba liti chonchi?"

"Ndimafuna kumubereka. Ndasita chitenje, ntchentche yaterapo. Ndatenga china, yateraponso." Mawu ake ankatuluka modukaduka. "Ndikudziwa, Dora! Ndikudziwa kuti n'zopanda nzeru! Ndikuona mwana akupita, koma manja akukana!"

Ndowa inagwa, madzi amene anayendera ulendo wonse uja n'kumwazika pabwalo. Dora anamasula nkhata yake, kansalu kakuda konunkha thukuta, nakulunga nako mwanayo. Anavula chitenje chakumtsinje chimene chinali matope mpaka m'mawondo, naponya Yande kumsana, namanga.

"Chimenecho sichinasitidwe!" Abson anakuwa, kenaka anadzigwira pakamwa ngati watukwana mayi ake omubala.

Dora anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona chimene Inonge anaona kalekale. Pamaso pake sipanali mwamuna waukhondo woposa amuna onse a m'mudzi. Panali munthu womangidwa, amene ankakonda mwana wake kwambiri koma akanamuonerera akufa nsimbi ili m'manja.

"Siyani nsimbiyo. Gwirani njinga," anatero. "Mwana ndanyamula ndine, inu ntchito yanu ndi kupalasa."

Abson anapalasa. Anadutsa m'zithaphwi, matope akuwathovukira mpaka kumaso, akulira njira yonse, koma sanaime.

Inonge sanataye nthawi ndi mawu oti ndinakuuzani. Anamulanda mwanayo, namubaya kwinini, natuma Dora kuti azimupukuta ndi nsalu yonyowa. Anali malungo aakulu, aja ogwira m'mutu. Yande anatsegula maso tsiku lotsatira, napempha madzi, ndipo Dora analira kulira kumene anakusunga zaka ziwiri.

"Mukanachedwa pang'ono chabe, bwenzi tikunena zina," anatero Inonge.

Dora anagwada pasimenti pomwepo. "A Sisita, ndinakulakwirani. Mwamuna wanga anandipempha yekha kuti tipite, ine ndinakana chifukwa cha manyazi. Ku Chipata kuja timakafikira khomo liti?"

Achibale anati adikire mvula ithe, msewu uume. Dora anakana. Mwana atangolimba anamusiya kwa mng'ono wake, nakwera ndi Abson pamwamba pa lole imene inatitimira m'matope kangapo isanakwere mapiri. Ku Chipata anaonana ndi dokotala wa matenda a maganizo, bambo wodekha amene sanadabwe ndi chilichonse chimene anamuuza. Anati matendawa amagwira aphunzitsi, alimi ndi abusa omwe. Ena amasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, ena amabwerera kukaona loko wa pachitseko mpaka kusiyidwa ndi basi. Anapatsa Abson mapiritsi, koma anati mapiritsi okha sangathe. Chovala chilichonse asite kamodzi, monga amachitira aliyense m'chigwa, kenaka apereke nsimbi kwa mkazi wake, akhale pansi, mantha abwere, awadikire mpaka atope okha. Ndipo Dora analamulidwa chinthu chovuta kuposa kutunga madzi ku Lupande: asayankhenso funso lija kachiwiri.

Tsiku loyamba kunyumba, Abson anasita diresi la Yande, nafunsa funso lake lija kamodzi, Dora n'kumuyankha, kenaka anapereka nsimbi. Dora anakhuthula makala pansi n'kuwathira madzi. Ntchentche inatera padiresipo.

"Anyina Yande, mwaiona?"

"Ndaiona."

"Apa ndinapitapo?"

"Mwandifunsa kale, ndayankha."

"Kamodzi kokha, chonde. Ndingomva."

"Iyayi."

Abson anaimirira, nakhala, naimiriranso. Thukuta linatsika m'khosi mwake. Anachonderera, anakalipa, anamunena kuti ndi mkazi wouma mtima amene sasamala za mwana. Dora anaveka Yande diresi lija, namuuza kuti akasewere. Kenaka anakhala pafupi ndi mwamuna wake, nagwira dzanja lake lazipsera. Misozi inkatsika koma pakamwa anatseka. Dzuwa litapendeka Abson anapuma mpweya wautali.

"Achepako," anatero modabwa. "Manthawo achepako okha."

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Panali masiku amene Dora ankapeza diresi labwerera m'beseni mwakabisira, ndipo ankayambiranso. Panali maulendo ena a ku Chipata, ndi masabata amene Abson ankaoneka ngati wabwerera pakale. Koma mkazi amene anauma khosi pokana thandizo anaumanso khosi chimodzimodzi polisunga, ndipo Inonge ankadutsa pakhomopo kawirikawiri kudzawalimbikitsa. Loji itatsegulanso, Abson anapempha ntchito yosamalira maluwa ndi kutchetcha udzu, kutali ndi chipinda chochapira.

Mudzi sunachedwe kuona kusintha. Tsiku lina kumjigo, pansi pa mkuyu waukulu pamene amayi amadikirira mzere, Jacinta, mayi wa pakamwa posatseka, anayamba nkhaniyo mokweza kuti Dora amve.

"Kwa anzathu nsimbi inazima. Malaya a Abson masiku ano ngati otafunidwa ndi ng'ombe. Manje amuna athu tiziwatumiza kuti?"

Amayi anaseka. Kale Dora akanapeka bodza lina losalala. Tsiku limenelo anatula ndowa yake pansi.

"Musawatumize kulikonse, Jacinta. Zimene munkasirira zija anali matenda. Mwamuna wanga ankazunzika, ine ndinkabisa chifukwa chokonda kutamidwa ndi inu, ndipo mwana wanga anatsala pang'ono kufa pakati pa zitenje zoyera. Ku Chipata tinapita, mankhwala akumwa, ndipo manyazi ndilibe. Wina wa inu akakhala ndi munthu amene amachapa osamaliza, kapena kusesa akulira, abwere ndimuonetse njira."

Kuseka kunatha. Mayi wina wachikulire amene anali kumapeto kwa mzere anayang'ana pansi, ndipo pambuyo pake anamutsatira Dora panjira kukamufunsa za mwana wake wamkazi.

Amayi akadali pamjigopo, Abson anatulukira pamsewu akuchokera kuntchito, Yande ali paphewa. Timapazi ta mwanayo tinali matope, ndipo tinkapaka pachifuwa cha malaya a bambo wake. Ntchentche inatera padiresi la Yande, pabondo penipeni. Dora anaona kuti mwamuna wake waiona, chifukwa nsagwada zake zinalimba ndipo phazi linazengereza. Kenaka Abson anagwiritsa timiyendo ta mwana wake, napitiriza kuyenda, Yande akumukoka makutu ndi kuseka.

Malaya amakwinya aja palibe anawatama, koma m'nyumba ya Dora munayamba kumveka kuseka kumene zitenje zosalala sizinabweretse. Amayi aja anakhala zaka ziwiri akusirira khonde lofuka utsi, osadziwa chimene chinkadya mwini wake, pamene nkhuyu zofiira zinkawagwera pamapazi tsiku ndi tsiku pamjigo pomwepo. Akanangotola imodzi n'kuibenthula, akanakumbuka zimene akuluakulu ananena: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.